NKHOPE YA MULUNGU PA WAILESI YA KANEMA NDI M'MALEMBO OYERA

Phunziro la akristu ndi akatekisiti

Munthu aliyense wopemphera ali ndi chithunzi cha Mulungu mumtima mwake, ngakhale mwini wakeyo asazindikire. Mwana akagwada madzulo napinda manja, maganizo ake sakhala opanda kanthu ai. Aona nkhope ina, amva liu lina, ndipo ayesa kuti amene ali kulankhula nayeyo ngwokalipa, kapena ngwofatsa, kapena ngwosasamala. Kale mwana ankalandira chithunzichi kwa makolo ake, kwa katekisiti, ndi pa makoma a tchalitchi. Masiku ano kwabwera mphunzitsi wina amene alowa m'nyumba osaodira, nakhala pabalaza mpaka usiku: ndiye wailesi ya kanema. Ku Malawi wailesi ya kanema ya boma idayamba m'chaka cha 1999, ndipo kuyambira pamenepo masewero a ku America ndi ku Ulaya afika m'mabanja, m'nyumba zoonetsera kanema za m'misika, ndi m'mafoni a anyamata ndi asungwana. Ena mwa masewerowo aonetsa Mulungu mwini wake, nampatsa nkhope, mau ndi makhalidwe.

Katekisiti aonana ndi mwana kamodzi kapena kawiri pa mlungu, koma kanema aonana naye tsiku ndi tsiku. Akulu adati m'mera mpoyamba. Chithunzi chimene mwana wachilandira ali wamng'ono ndicho adzapita nacho ku Sakramenti la Kulapa, kuchipatala ndi kumanda kwa mai wake. Nchifukwa chake nkoyenera kuika zithunzi za pa kanema pafupi ndi zimene Apostoli adalemba, ndi kuona pamene zigwirizana ndi pamene zisiyana.

1. Eklezia sadana ndi kanema

Pa 8 September 1957 Papa Pius XII adalembera Maepiskopi onse kalata yotchedwa Miranda Prorsus, yonena za kanema, wailesi ya mau ndi wailesi ya kanema. Adaphunzitsa kuti zipangizozi, ngakhale zapangidwa ndi nzeru za anthu, ndi mphatso za Mulungu, koma zikhoza kumanga munthu kapena kumgumula. M'chaka cha 1958 Papa yemweyo adasankha Clare Woyera wa ku Assisi kuti akhale nkhoswe ya wailesi ya kanema, popeza mbiri yake isimba kuti usiku wina wa Khrisimasi, atalephera kupita ku Misa chifukwa cha matenda, adaona ndi kumva mapemphero a m'tchalitchi ali chigonere m'chipinda chake. Pambuyo pake, pa 4 December 1963, Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata chotchedwa Inter Mirifica, chimene chidasenzetsa oonera udindo wosankha bwino, ndi makolo udindo wolonda zimene zilowa m'nyumba mwao. Tsono Eklezia sauza mkristu kuti atsinzine. Amuuza kuti apenye ndi nzeru.

2. Zithunzi zitatu za pa kanema

Chithunzi choyamba ndi cha nkhalamba ya ndevu. Sewero la zithunzi zojambula lotchedwa The Simpsons, limene lidayamba ku America m'chaka cha 1989, lidaonetsa mu 1992 gawo lotchedwa Homer the Heretic. M'menemo bambo wa banjalo, Homer, aleka kupita kutchalitchi chifukwa kunja kwazizira ndipo kunyumba nkokoma. M'maloto Mulungu amdzera ali chimphona cha ndevu zoyera ndi mkanjo wautali. Nkhope yake saionetsa yonse, ndipo dzanja lake lili ndi zala zisanu, pamene anthu onse a m'sewerolo ali ndi zala zinai. Poyamba akalipa, koma Homer atapereka zifukwa zake, Mulunguyo akhala naye pansi ngati mnansi, nabvomera kuti ulaliki wa mbusa ngwotopetsa, namlola kupembedza m'njira ya iye yekha.

Chithunzi chachiwiri ndi cha Mulungu wobisala mwa anthu wamba. Sewero la Joan of Arcadia lidaonetsedwa kuyambira 2003 kufikira 2005. Msungwana wapasukulu, Joan Girardi, akumana ndi Mulungu m'maonekedwe osiyanasiyana: lero mnyamata, mawa mai wogawa chakudya kusukulu, mkuja kamwana kosewera. Mulunguyo ampatsa ntchito zazing'ono, monga kukagwira ntchito m'sitolo ya mabuku, osamuuza chifukwa chake, ndipo pambuyo pake zioneka kuti kantchitoko kathandiza munthu wina. Mlongo wake wa Joan adalumala pa ngozi ya galimoto, koma Mulungu wa m'sewerolo samchiritsa. Mai Barbara Hall, amene adayambitsa seweroli, adaikira alembi ake malamulo, ndipo limodzi mwa malamulowo linali lakuti Mulungu asatchule chipembedzo chimodzi kuti ndicho choona.

Chithunzi chachitatu ndi cha Mulungu wotopa ndi wankhanza. M'sewero la Miracle Workers la mu 2019, kumwamba ndi kampani yaikulu, ndipo mwini kampaniyo wagwa ulesi ndi dziko lapansi, afuna kuliphwanya kuti atsegule malo odyera. Sewero la Supernatural, limene lidayenda zaka 15 kuyambira 2005 kufikira 2020, lipitirira apo. Anyamata awiri apachibale, Sam ndi Dean Winchester, alimbana ndi ziwanda, nafunafuna Mulungu amene adachoka kumwamba osatsazika. Mu 2016 zidziwika kuti Mulunguyo ndi Chuck, mlembi wa mabuku amene anali nao kale. Potsiriza zioneka kuti masautso ao onse adawakonza ndi iyeyo, kuti nthano yake ikome. Anyamatawo amuukira, ndipo mphamvu zake zilandidwa.

3. Zimene Apostoli adalemba

Mabuku 27 a Chipangano Chatsopano adalembedwa pa zaka ngati makumi asanu, kuyambira kalata yoyamba ya Paulo Woyera kwa Atesalonika, cha m'ma 50, kufikira zolemba za Yohane Woyera, cha kumapeto kwa zaka zana loyamba. M'mabuku onsewo mulibe ndi mzere umodzi womwe wolongosola nkhope ya Mulungu Atate. Yohane anenetsa kuti palibe munthu amene adaona Mulungu (Yoh. 1, 18). Pa chitsime cha ku Samariya Ambuye Yezu aphunzitsa kuti Mulungu ndi mzimu, ndipo samangika ku phiri lakuti kapena mzinda wakuti (Yoh. 4, 24). Kalata yoyamba ya kwa Timoteo imuika m'kuwala kumene munthu sangathe kukuyandikira (1 Tim. 6, 16). Katatu Mthenga Wabwino usimba kuti liu la Atate lidamveka: pa ubatizo wa Yezu (Mk. 1, 11), paphiri pamene adasandulika (Mk. 9, 7), ndi ku Yerusalemu masautso ake ali pafupi (Yoh. 12, 28). Ponseponse padamveka liu, koma thupi silidaoneke.

Ngakhale buku la Chivumbulutso, limene lili lodzaza ndi zithunzi, lifika pa mpando wachifumu wakumwamba ndi kuima. Mlembi aona kuti pampandopo pakhala wina, koma sanena za maso kapena za ndevu. Angotchula kung'anima kwa miyala yamtengo wapatali ndi uta wa Leza wozinga mpandowo (Chiv. 4, 2-3). Apostoli adaphunzira ulemu umenewu kwa Mose, amene adakumbutsa Aisraele kuti pa Horebu adamva mau okha osaona maonekedwe (Deut. 4, 12). Ngakhale makolo a Achewa, amene ankamtcha Chauta, Namalenga ndi Mphambe, napempha mvula kwa Iye m'akachisi ao, sadamsemere fano.

Koma Chipangano Chatsopano sichilekera pamenepa. Vesi lomwelo lonena kuti Mulungu sadaoneke lipitiriza kunena kuti Mwana wake mmodzi yekha ndiye wamdziwitsa. Pamene Filipo adapempha kuti aone Atate, Yezu adamyankha kuti woona Iye waona Atate (Yoh. 14, 8-9). Kalata ya kwa Akolose itcha Kristu chithunzi cha Mulungu wosaonekayo (Akol. 1, 15). Chodabwitsa nchakuti alembi anai a Mthenga Wabwino sadalembe msinkhu wa Yezu, kapena khungu lake, kapena tsitsi lake. Adalemba zimene adachita: kukhudza wakhate, kudya ndi okhometsa msonkho, kupirikitsa amalonda m'Nyumba ya Mulungu, kulira pa manda a Lazaro, kutsuka mapazi a ophunzira ake, ndi kupempherera amene adampachika. Kwa Apostoli, nkhope ya Mulungu ndi moyo umenewu, imfa imeneyi ndi kuuka kumene kudatsata.

Yezu mwini adajambula Atate ake ndi mau. Mutu 15 wa Luka Woyera uli ndi zithunzi zitatu: mbusa wosiya nkhosa 99 kukafuna imodzi, mai wosesa nyumba kufuna ndalama yotayika, ndi bambo wothamangira mwana wake wolowerera. M'munda wa Getsemani adaitana Mulungu ndi liu la chinenero cha kwao lakuti Abba (Mk. 14, 36), ndipo Paulo achitira umboni kuti akristu a ku Roma ndi a ku Galatiya, ngakhale ankalankhula Chigriki, adasunga liu lomwelo m'mapemphero ao (Aro. 8, 15, Agal. 4, 6).

4. Kuyesa zithunzi zitatu zija

Nkhalamba ya ndevu sidayambe ndi kanema. Idachokera ku masomphenya a mneneri Danieli, amene adaona Mkulu wa masiku ambiri, wa tsitsi loyera ngati ubweya wa nkhosa (Dan. 7, 9), ndipo amisiri monga Michelangelo, amene adajambula denga la tchalitchi cha Sistine ku Roma pakati pa 1508 ndi 1512, adachikhomereza m'maganizo a anthu. Imvi za m'masomphenyawo zitanthauza kuti Mulungu alibe chiyambi. Koma anthu aiwala tanthauzo nagwira imvi.

Kuopsa kwake kudaoneka kale m'chipululu cha ku Egypt. M'chaka cha 399 Episkopi Theophilus wa ku Alexandria adalemba kalata ya Pasaka yotsutsa amene ankakhulupirira kuti Mulungu ali ndi thupi longa la munthu. John Cassian, amene anali komweko, asimba za nkhalamba ina yodzipatula, dzina lake Serapion, imene idatha zaka zambiri ikusala ndi kupemphera. Dikoni wina wophunzira adailongosolera kuti munthu afanana ndi Mulungu mu mzimu osati m'ziwalo, ndipo nkhalambayo idabvomera. Koma onse ataimirira kuti athokoze Mulungu, iyo idadzigwetsa pansi ndi kulira, nidandaula kuti aichotsera Mulungu wake, ndipo siidziwanso woti imgwire kapena kumpembedza. Serapion anali munthu woyera mtima, koma chithunzi chidakula mwa iye kufikira chidaphimba Mwini chithunzi. Katekisiti aphunzire apa zinthu ziwiri: chithunzi cholakwa chiyenera kuchotsedwa, koma wochichotsa asasiye munthu manja ali zii, ampatse Kristu m'malo mwake.

Vuto lalikulu la Mulungu wa Homer silili pa ndevu, koma pa kulekerera. Iye abvomera chifukwa chilichonse, nasiya munthu monga adampezera. Bambo wa pa Luka 15 ngwachifundo kopambana, pakuti athamanga, akumbatira, naphetsa mwana wa ng'ombe wonenepa. Komabe mwana uja adayamba wanyamuka pakati pa nkhumba ndi kuulula tchimo lake. Chifundo cha Mulungu chidzutsa munthu, sichimfunditsa bulangete. Ndipo nkoyenera kunena kuti ngakhale sewero lija lidaona mbali ina ya choona: nyumba ya Homer itagwira moto, adampulumutsa ndi anansi ake opembedza amene iye ankawanyoza.

Chithunzi chachiwiri chili pafupi ndi Mthenga Wabwino koposa zinzake. Ophunzira a ku Emausi adayenda ndi Ambuye osawazindikira (Lk. 24, 13-35), Maria wa ku Magadala adawayesa wosamala munda (Yoh. 20, 15), ndipo pa chiweruzo chomaliza Mfumu idzaulula kuti inali mwa anjala, alendo, odwala ndi akaidi (Mat. 25, 31-46). Mwana amene waphunzira kwa Joan kuti mai wogawa chakudya sayenera kunyozedwa waphunzira chinthu chabwino. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mulungu wa m'sewerolo abvala thupi ngati malaya, nalivula gawo likatha. Samva njala, sakhetsa magazi, alibe mai, alibe dzina. Yohane sadalembe kuti Mau adabwereka thupi. Adaphunzitsa kuti adasanduka munthu (Yoh. 1, 14), kamodzi kokha, mwa Maria Virigo, ndipo mabala a misomali adauka nao. Mulungu amene angolangiza ali chapatali ndi mphunzitsi wabwino, koma si Mpulumutsi.

Chithunzi chachitatu ndi chinyengo chakale chovala malaya atsopano. Cha m'ma 140 kudafika ku Roma munthu wolemera, mwini zombo, dzina lake Marcion, wochokera ku Sinope. Iyeyu ankaphunzitsa kuti Mlengi wa dziko lino, Mulungu wa Chipangano Chakale, ngwouma mtima ndi wosadziwa ntchito yake, ndipo kuti Yezu adatumidwa ndi Mulungu wina kudzapulumutsa anthu m'manja mwa Mlengiyo. Adataya Chipangano Chakale chonse, nasunga Luka woduladula ndi makalata khumi a Paulo. M'chaka cha 144 Eklezia wa ku Roma adamchotsa, nambwezera ndalama zimene adapereka. Irenaeus Woyera wa ku Lyon, cha m'ma 180, ndi Tertullian wa ku Carthage m'Afrika, amene adalemba mabuku asanu omtsutsa, adaonetsa kuti Mlengi ndi Atate a Yezu Kristu ndi Mulungu mmodzi yemweyo.

Komabe funso limene labala masewero otere lisanyozedwe. Ndi funso la mai amene waika mwana wake m'manda: Mulungu anali kuti? Chipangano Chatsopano sichiletsa funsoli, pakuti Yezu mwini adalifuula pamtanda ndi mau a Salimo 22 (Mk. 15, 34). Yankho lake lili apa: mlembi wa m'sewero lija akhala pampando nalembera ena masautso, koma Mulungu wa Apostoli adadzichepetsa, natenga maonekedwe a kapolo, nalowa yekha m'masautsowo kufikira imfa ya pamtanda (Afil. 2, 6-8). Wofuna kudziwa mtima wa Mulungu pa tsiku la maliro ayang'ane mtanda.

5. Kodi nkololedwa kujambula Mulungu?

Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Nicaea, m'chaka cha 787, udagamula kuti zithunzi za Kristu, za Amai Maria ndi za oyera nzololedwa, ndipo ulemu woperekedwa kwa chithunzi upita kwa mwini wake. John Woyera wa ku Damascus anali atapereka kale chifukwa chake: Mulungu wosaonekayo adaoneka m'thupi, ndipo chimene chidaoneka chikhoza kujambulidwa. Za Atate, Papa Benedict XIV adalola mu 1745 kuti ajambulidwe m'maonekedwe amene Malembo atchula, monga a kwa Danieli. Koma Msonkhano Waukulu Wachinai wa ku Lateran, mu 1215, unali utachenjeza kale kuti pakati pa Mlengi ndi cholengedwa kusiyana nkwakukulu koposa kufanana kulikonse. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992 akumbutsa kuti Mulungu si mwamuna kapena mkazi, ndi Mulungu. Tsono amene adadabwa pomva mai Frances McDormand akulankhula m'malo mwa Mulungu m'sewero la Good Omens mu 2019 adziwe kuti liu la mwamuna nalonso ndi fanizo chabe. Akristu atcha Mulungu Atate chifukwa Yezu adawaphunzitsa kutero.

Chenjezo lomweli likhudza masewero a moyo wa Ambuye. Jesus of Nazareth, limene Franco Zeffirelli adakonzera wailesi ya kanema mu 1977, ndi The Chosen, limene lidayamba mu 2019, athandiza anthu ambiri kukonda Mthenga Wabwino. Koma Robert Powell ndi Jonathan Roumie ndi ochita sewero, ndipo The Chosen liwonjeza nkhani ndi zokambirana zimene mulibe m'Malembo. Nkhope ya Robert Powell yapachikidwa m'nyumba zambiri ngati chithunzi cha Yezu. Mwana auzidwe poyera kuti Ambuye anali Myuda wa ku Galileya, ndipo kuti maso obiriwira aja nga munthu wa ku England.

6. Ntchito ya akatekisiti ndi makolo

Choyamba, katekisiti afunse ana kuti Mulungu amuona bwanji akamapemphera, ndipo amvetsere osaseka ndi osakalipa. Sing'anga sapereka mankhwala asanamve pamene papweteka.

Chachiwiri, makolo aonere pamodzi ndi ana ao. Kuzimitsa kanema mwaukali kungosamutsira sewero ku foni ya mnzake wa mwanayo, koma kucheza naye sewero litatha kumphunzitsa kuweruza.

Chachitatu, chithunzi chilichonse chiyesedwe ndi mafunso atatu. Kodi Mulungu ameneyu ngwoyera, woti munthu angamgwadire? Kodi afunafuna wotayika ndi kumuitana kuti atembenuke? Kodi ali ndi mabala? Chithunzi cholephera funso limodzi mwa atatuwa chikhoza kuseketsa kapena kupatsa maganizo, koma sichiyenera kulowa m'pemphero.

Chachinai, m'Mphakati ndi m'banja muwerengedwe Mthenga Wabwino umodzi wathunthu, kuyambira mutu woyamba kufikira wotsiriza. Wa Marko Woyera uli ndi mitu 16 yokha, ndipo banja lowerenga mutu umodzi madzulo alionse liutsiriza pa masiku 16. Mwana wodziwa bwino nkhope ya bambo wake sasokonezeka ndi mlendo wovala chipewa cha bamboyo.

Paulo Woyera aphunzitsa kuti pansi pano anthu aona ngati m'galasi losaoneka bwino, koma tsiku lidzafika lopenyana maso ndi maso (1 Akor. 13, 12). Kufikira tsikulo, mkristu asunge chithunzi chimene Atate adapereka okha, ndiye Yezu Kristu, amene apezeka m'Mau ake, mu Ukaristia ndi mwa amphawi.

Mafunso okambirana

1. Kodi buku la Chivumbulutso lilongosola bwanji wokhala pa mpando wachifumu, ndipo chifukwa ninji silitchula nkhope?
2. Serapion adalira chifukwa ninji, ndipo katekisiti angamthandize bwanji munthu wotere?
3. Kodi bambo wa mwana wolowerera asiyana bwanji ndi Mulungu wolekerera?
4. Marcion adalakwa pati, ndipo chiphunzitso chake chimveka kuti masiku ano?
5. Kodi mkristu angamyankhe chiyani mnzake wofedwa amene afunsa kumene Mulungu anali?